Zolemba za ntchito: kachigawo ka C++ kowerenga nambala zozindikirira kompyuta

Lolemba, sabata yoyamba

Ndatsegula kope ili kuti zomwe ndikuyesa zisamangothera m'mutu. Mnzanga amene timalemba naye pulogalamuyi ali ku Mzuzu mpaka kumapeto kwa mwezi, ndiye akamawerenga apa azidziwa pomwe ndafika popanda kutha mayunitsi pa foni.

Nkhani yake ili motere. Tili ndi pulogalamu ya m'mashopu: imasunga kaundula wa katundu, imalemba zogulitsa, imatulutsa malisiti. Tinaimanga pa Electron, chida chopangira mapulogalamu a pa kompyuta ndi JavaScript, ndipo imayenda popanda intaneti, poti makasitomala athu ambiri sangamagule bandulo tsiku ndi tsiku kungoti agulitse misomali ndi simenti. Laisensi yake timaimangirira ku kompyuta imodzi. Choncho pulogalamu ikamatseguka imayenera kudzifunsa kuti, kodi kompyuta ino ndi yomwe ija? Zaka zonsezi yankho tinkalitenga mwachidule: pulogalamu inkaitana wmic, kachida ka Windows kofunsira za kompyuta, ndi lamulo la `wmic csproduct get uuid`, n'kuwerenga zomwe zatuluka: UUID, nambala yozindikiritsa kompyutayo.

Lachisanu lapitali njira imeneyi inatitaya. Mayi wina wa shopu ya hadiweya anagula laputopu yatsopano ya Windows 11, mtundu wa 24H2, ndipo m'menemo wmic mulibe. Anandiimbira 8 koloko isanakwane. "Achimwene, anthu ali pamzere, pulogalamu yanu ikuti sikundidziwa. Inetu ndinalipira kale. Ndiye nditani?" Ndinawapatsa nambala yotsegulira ya masiku ochepa, ntchito n'kuyamba, koma mawu awowo sanandichoke m'makutu. Microsoft ananeneratu kuyambira 2021 kuti wmic ikupita. Ochedwa ndife.

Njira yapafupi ikanakhala kuitana PowerShell, pulogalamu ina ya Windows yolandira malamulo, m'malo mwa wmic. Ndayesa pa kompyuta yakale ya 4 GB yomwe ili pano, ndipo umachita kudikira kuti PowerShell idzuke. Komanso m'maofesi ena anaitseka, ndipo ma antivirus ena sakondwa akaona pulogalamu ikutsegula PowerShell mobisa. Ndasankha kulemba addon, kachigawo ka C++ komwe kazifunsa yekha Windows, popanda kutuma pulogalamu ina pakati. Ndakapatsa dzina loti chidindo.

Lachiwiri

Tsiku lonse lapita pa zida. Pa njira zolumikizira C++ ndi Node, choyendetsa JavaScript chomwe chili m'kati mwa Electron, ndasankha Node-API, kudzera mu node-addon-api, osati NAN. Amene analimbanapo ndi uthenga wa `NODE_MODULE_VERSION` akudziwa chifukwa chake: addon ya NAN imagwira V8, injini ya JavaScript, mwachindunji, ndiye Node kapena Electron ikangosintha, uyenera kumanganso. Node-API, yomwe inayamba mongoyesera mu Node 8 mu 2017 n'kukhazikika mu Node 10 mu 2018, imalonjeza kuti fayilo ya `.node` yomwe wamanga lero idzayendabe mtsogolo. Kwa ife zimenezi n'zofunika kwambiri chifukwa tili ndi mitundu iwiri ya pulogalamu: yatsopano, ndi ina yomwe inaima pa Electron 22, womaliza kuyenda pa Windows 7. Mashopu a Windows 7 akadalipo, ndipo sindikufuna kuwasiya m'mbuyo.

node-gyp, chida chomangira addon, imafuna Python ndi Visual Studio Build Tools. Zomalizazi n'zolemera, ma GB angapo, moti ndadikira bandulo ya usiku. Mu `binding.gyp` ndagawa mafayilo patatu, `win`, `mac` ndi `linux`, aliyense kwake. Pofika 11 koloko usiku addon inabweza mawu oti "moni" ku JavaScript.

Lachitatu

Nambala yoyamba: MachineGuid. Imakhala mu registry, kaundula wa m'kati wa Windows, pa `HKEY_LOCAL_MACHINE\SOFTWARE\Microsoft\Cryptography`, ndipo Windows imaipanga pa nthawi yomwe ikuikidwa mu kompyuta. Kuiwerenga sikufuna ufulu wa administrator.

Pa x64 zinayenda ulendo woyamba. Nditamanga ya 32-bit n'kuiyesa pa Windows ya 64-bit, yankho linali loti kulibe. Ndinatsegula regedit, nambala ili pomwepo, ndikuiona ndi maso angawa. Chomwe chimachitika n'choti Windows imapatutsa mapulogalamu a 32-bit mwakachetechete kupita ku `WOW6432Node`, ndipo kumeneko MachineGuid kulibe. Mankhwala ake ndi kuwonjezera `KEY_WOW64_64KEY` poitana `RegOpenKeyExW`. Kanthu kena kakang'ono: kukula komwe registry imabweza kumawerengera ndi ziro wotsekera kumapeto kwa mawu. Ndisanakazindikire, nambala ziwiri zooneka zofanana pa sikirini zinkakana kufanana mu JavaScript, chifukwa imodzi inali ndi kamchira kosaoneka.

Lachinayi ndi Lachisanu

Apa ndiye pagona ntchito. Nambala yomwe wmic inkatipatsa sichokera ku Windows ayi, imachokera mu firmware, pulogalamu yokhazikika m'kati mwa motherboard, mu matebulo ofotokoza zida za kompyuta otchedwa SMBIOS. Ndondomeko yake imalembedwa ndi bungwe la DMTF, chikalata chake ndi DSP0134, ndipo ndakhala nacho masiku awiri.

Windows imapereka tebulo lonse kudzera mu `GetSystemFirmwareTable`, ukaipatsa chizindikiro cha `'RSMB'`. Umaitana kawiri: koyamba chimanjamanja kuti ikuuze kukula kwake, kachiwiri utakonza malo okwanira. Mabayiti 8 oyambirira ndi mutu womwe Windows imaikapo: mtundu wa SMBIOS ndi kutalika kwa zotsatira. Kenako timagawo timatsatana ngati mabogi a sitima. Kagawo kalikonse kamayamba ndi mabayiti 4: mtundu wake, kutalika kwake, ndi nambala yake. Mtundu 0 ndi BIOS, mtundu 1 ndi kompyuta yonse, 2 ndi motherboard, 3 ndi bokosi lake, 4 ndi pulosesa, 17 ndi RAM, ndipo 127 ndiye chitseko chomaliza.

Chomwe chinandizunguza mutu n'chakuti kutalika komwe kagawo kamanena si kutalika kwake konse. Kamangowerengera mbali ya manambala. Mawu onse, monga dzina la kampani ndi serial number, amabwera pambuyo pake atandandalikidwa, lililonse lotsekedwa ndi ziro, ndipo mndandanda umatha ndi maziro awiri otsatana. M'mbali ya manambala mumangolembedwa kuti "mawu achitatu" kapena "mawu achinayi", kuwerenga kuyambira pa 1, ndipo 0 amatanthauza kuti palibe. Mu mtundu 1, dzina la wopanga lili pa 0x04, dzina la kompyuta pa 0x05, serial pa 0x07, ndipo UUID ndi mabayiti 16 kuyambira pa 0x08. UUID imeneyi inabwera ndi SMBIOS 2.1, choncho kagawo kakakhala kafupi kuposa 0x19, usaifunefune.

Khodi yanga yoyamba inkadumpha mawu limodzi limodzi mpaka itapeza mawu opanda kanthu. Zinkayenda bwino mpaka pa kagawo kopanda mawu ngakhale amodzi. Koteroko kamakhalabe ndi maziro awiri, koma ine ndinkadumpha mmodzi yekha, ndiye kuyambira pamenepo chilichonse chinapendekeka ndi bayiti imodzi, mitundu ikutuluka yosadziwika. Ndakonza: tsopano ndimangoyenda mpaka nditapeza maziro awiri ogundana, n'kudumpha onse.

Lachisanu masana UUID inatuluka. Nditaiyerekeza ndi yomwe PowerShell ikuonetsa, theka lakumapeto linafanana ndendende, koma lakumayambiriro linali lotembenuzika. Ndinabwerera ku chikalata chija. Magawo atatu oyambirira a UUID amasungidwa chafutambuyo, bayiti yaing'ono patsogolo. Chitsanzo chake: UUID ya 00112233-4455-6677-8899-AABBCCDDEEFF m'tebulo imagona chonchi: 33 22 11 00, 55 44, 77 66, kenako 88 99 AA BB CC DD EE FF mwadongosolo. Lamuloli linalembedwa momveka mu SMBIOS 2.6, ndipo n'chifukwa chake dmidecode, chida cha pa Linux chowerengera SMBIOS, imatembenuza pokhapokha tebulo likakhala la 2.6 kapena kuposa. Kwa ine muyeso ndi umodzi: chomwe addon ikutulutsa chifanane ndi chomwe Windows yeniyeni imaonetsa, zilembo zikuluzikulu momwemo, chifukwa malaisensi onse akale anamangidwa pa chimenecho. Ndikaphonya apa, tsiku lomwe tidzatumize pulogalamu yatsopano mashopu onse adzadzuka atatsekeredwa kunja, foni yanga ikulira ngati ya mayi aja, koma ulendo uno aliyense.

Madzulo ndayerekeza pa makompyuta atatu a muno. Onse afanana. Mtima wakhala m'malo.

Loweruka

Makompyuta atatu ndi ochepa. Ndinakwera minibasi kupita ku Limbe kwa bambo wina wokonza makompyuta amene makasitomala athu angapo amagulako. Kashopu kawo n'kopanikiza: ma desktop a kaunjika osanjikizana mpaka kudenga, ena akadali ndi zomata za maofesi a ku Ulaya komwe anachokera, fungo la sodala ndi fumbi lotentha, mnyamata pakhomo akupemerera fani ya laputopu ndi kapampu. Ndinawapempha kuti ndilowetse flash yanga m'makompyuta omwe ali okonzeka kugulitsa.

"Yesani, mphwanga, bola musandifufutire kanthu."

Ndinayesa 9. Zomwe ndinaona zasintha maganizo anga pa ntchito yonseyi.

Choyamba, 6 mwa iwo anali ndi MachineGuid imodzimodzi, chilembo ndi chilembo. Ndinafunsa kuti, "Bambo, Windows mumaika bwanji m'makompyuta amenewa?" Anatsegula dilowa n'kutulutsa hard disk imodzi yokutidwa m'pepala la pulasitiki. "Iyi ndiye mayi wawo. Ndinaika Windows kamodzi, madalaivala, Office, zonse. Ikabwera ina ndimangokopera ndi Clonezilla. Kuika imodzi imodzi ndingagone pano." Akunena zoona, ndipo ndikanakhala iwo ndikanachita chimodzimodzi. Microsoft ili ndi chida cha Sysprep chomwe chimachotsa zizindikiro zoterezi usanakopere, koma munthu amene akuthamangitsana ndi magetsi sangachione kufunika kwake, poti kompyuta imayenda bwinobwino popanda icho. Kwa ine tanthauzo lake n'lakuti MachineGuid imazindikiritsa Windows yomwe yaikidwa, osati chitsulo chomwe yakhalapo. Ukafomata imasintha ngakhale kompyuta ndi yomweyo. Ukakopera imafanana ngakhale makompyuta ndi osiyana.

Chachiwiri chinandidabwitsa kwambiri. Makompyuta a makampani akuluakulu, a Dell, HP ndi Lenovo, anali ndi UUID ndi serial zenizeni, serial yofanana ndi ya pa chomata cha kumbuyo. Koma awiri omangidwa pamanja, motherboard yogula payokha, serial yawo inali mawu akuti "To Be Filled By O.E.M.", ndipo UUID ya onse awiri inali 03000200-0400-0500-0006-000700080009. Nambala imeneyi ndi yongosungira malo, yomwe imabwera ndi firmware kuti wopanga adzalembepo yake, ndipo imapezeka pa ma motherboard ambirimbiri padziko lonse. Ndinakhala phee pa benchi paja ndikuiyang'ana, chifukwa ndinakumbukira kuti ndinaionapo kale, m'kaundula wathu wa malaisensi. Nditafika kunyumba ndinafufuza. Ilimo kanayi, mashopu anayi osiyana, maboma atatu. Zaka zonsezi pulogalamu yathu inkawaona anthu anayiwa ngati munthu mmodzi, ndipo laisensi ya mmodzi ikanatsegula kwa onse.

Ndisanachoke bambo aja anandiuza chinthu chomwe ndachilemba pa chikuto cha kope. "Anthu anuwo sasintha kompyuta pofuna kuba pulogalamu. Amabwera kuno disk itapsa ndi magetsi, kapena mwana wathira tiyi. Akamafika kwa inu amakhala atalira kale."

Lolemba, sabata yachiwiri

Ndalemba mndandanda wa mawu oti addon iziwakana: "To Be Filled By O.E.M.", "Default string", "System Serial Number", "None", mipata yokhayokha, UUID ija ya 03000200, komanso UUID ya maziro okhaokha kapena ma F okhaokha. Ziwiri zomalizazi chikalata cha SMBIOS chimazitchula chokha kuti zimatanthauza kuti nambala palibe.

Ndasinthanso maonekedwe a zomwe addon ikubweza. Poyamba ndinkaganiza zoti izibweza nambala imodzi yokha, yosakaniza zonse. Ndasiya. Tsopano ikubweza nambala iliyonse payokha, pamodzi ndi mbiri yake: yapezeka, palibe, ndi yongosungira malo, kapena takanizidwa kuwerenga. Zinayi zimenezi n'zosiyana, ndipo khodi yakale inkaziphatikiza zonse kukhala mawu opanda kanthu. C++ ingonena zomwe yaona. Kuweruza kukhale ku JavaScript, komwe kusintha n'kosavuta.

Masana ndinataya maola awiri pa nambala ya pulosesa. Windows ili ndi `ProcessorId`, ndipo dzinalo limakopa. Si serial ayi. Ndi zomwe lamulo la CPUID limabweza zokhudza banja la pulosesa ndi zomwe imatha kuchita, n'chifukwa chake pa ma Intel ambiri imayamba ndi BFEBFBFF, ndipo mapulosesa onse a mtundu umodzi amafanana. Intel inayesapo kuika serial yeniyeni mu Pentium III mu 1999, anthu anakwiya poopa kuti azilondoledwa pa intaneti, ndipo pofika pa Pentium 4 inali itachotsedwa. Nkhani imeneyi ndi yakale koma yandikumbutsa kuti chomwe ndikumangachi ndi chida chozindikirira munthu, ndipo anthu ali ndi chifukwa chomveka chochiopera.

MAC address, nambala ya kachida kolumikizira netiweki, ndaisiyiratu. Windows 10 imatha kuisintha yokha pa Wi-Fi, ndipo makasitomala athu amalumikiza foni pa USB lero, mawa dongle, mkuja palibe chilichonse.

Lachiwiri

Serial ya disk. Umatsegula disk ndi `CreateFileW` osapempha ufulu wowerenga kapena kulemba, n'kutumiza `IOCTL_STORAGE_QUERY_PROPERTY`. Potero administrator safunika. Msampha wake ndi kuganiza kuti `PhysicalDrive0` ndi yomwe pali Windows nthawi zonse. Pa kompyuta ya ma disk awiri sizikhala choncho, ndiye ndimayamba ndafunsa kuti C: ili pa disk iti kudzera mu `IOCTL_STORAGE_GET_DEVICE_NUMBER`. Serial zina zimabwera ndi mipata kutsogolo, ndikuidula. Nambala ya volume, ija imaoneka ukalemba `vol`, sindikuigwiritsa ntchito chifukwa imasintha ukangofomata.

Magetsi anathima 2 koloko, abwera usiku. Zina mawa.

Lachitatu

Linux ndi Mac, mwachangu, poti makasitomala ake ndi owerengeka.

Pa Linux pafupifupi chilichonse ndi fayilo. `/etc/machine-id` ili ndi zilembo 32 ndipo aliyense angaiwerenge; ikasowa ndimayang'ana `/var/lib/dbus/machine-id`. UUID ya motherboard ili pa `/sys/class/dmi/id/product_uuid`, koma amawerenga ndi root yekha, administrator wa pa Linux, chimodzimodzi `product_serial` ndi `board_serial`. Sindipempha mwini shopu kuti aziyendetsa pulogalamu ya malisiti ngati root, ndiye apa addon izingoti takanizidwa. Raspberry Pi ilibe SMBIOS, serial yake ili mu `/proc/cpuinfo`.

Pa Mac ndi IOKit: kupeza `IOPlatformExpertDevice`, kutengamo `IOPlatformUUID` ndi `IOPlatformSerialNumber`, osaiwala `CFRelease` ndi `IOObjectRelease`. Dzina la `kIOMasterPortDefault` linasinthidwa kukhala `kIOMainPortDefault` mu macOS 12. Ndayesa pa MacBook yobwereka, zafanana ndi za `ioreg`.

Chandigwira mtima lero ndi buku la malangizo la machine-id pa Linux. Limanena mosabisa kuti nambalayi ndi yachinsinsi, isamatumizidwe pa netiweki ili yosaphimba, ndipo pulogalamu yoifuna iyambe yaisakaniza ndi kiyi yakeyake. systemd ili ndi `sd_id128_get_machine_app_specific` yochitira zimenezi ndi HMAC-SHA256, njira yosakaniza nambala ndi kiyi moti singabwezedwe. Ife nanga? M'kaundula wathu muli dzina la shopu, nambala ya foni ya mwini wake, ndi UUID ya kompyuta yake yosaphimba, zonse pa mzere umodzi. Makasitomala amatitumizira nambalazi pa WhatsApp. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act la 2024, lomwe amayang'anira ndi a MACRA, koma ngakhale pakanapanda lamulo, mayi wa hadiweya sanavomerepo kuti tizisunga serial ya laputopu yawo. Kuyambira pano nambala iliyonse izidutsa mu HMAC-SHA256 ndi kiyi ya pulogalamu yathu isanalembedwe paliponse, iliyonse payokha kuti tizitha kuyerekeza imodzi imodzi. Tizidziwa kuti yafanana kapena yasiyana, osadziwa kuti nambalayo ndi chiyani. Zakale zomwe zili m'kaundula ndizisandutsa chimodzimodzi n'kufufuta zosaphimbazo.

Lachinayi

Takambirana ndi mnzanga pa foni pafupifupi ola, ndipo sitinagwirizane pa zonse.

Ndinamufotokozera ngati mlandu wa pabwalo la mfumu. Tili ndi mboni zitatu: motherboard, disk ndi MachineGuid. Motherboard ndi mboni yaikulu. Ikakhala ndi nambala yeniyeni ndipo yafanana, mlandu watha, ngakhale disk ndi Windows zikhale zatsopano. Zimenezi zikuteteza munthu amene disk yamupsera. Motherboard ikasiyana, kapena ikakhala ya gulu la 03000200 lija, timafunsa ziwiri zotsalazo, ndipo zikavomereza zonse timatsegula n'kulemba motherboard yatsopanoyo. Zimenezi zikuteteza munthu amene kompyuta yamufera, wokonza n'kusamutsira disk m'bokosi lina. MachineGuid payokha siikhulupiriridwa, chifukwa cha disk ya m'dilowa ija. Mboni zikalephera, pulogalamu isatseke chitseko pomwepo: ipereke masiku 14 ikugwirabe ntchito zonse, ndi uthenga wa m'Chichewa wonena zomwe zasintha ndi nambala yoti aimbe.

Iye anaona bowo msanga. "Aise, ndiye munthu atha kuchotsa disk kukaika m'kompyuta ina, yakaleyo n'kuikamo disk yatsopano. Zonse ziwiri zitsegula. Laisensi imodzi, mashopu awiri." N'zoona, bowolo lilipo. Ankafuna kuti mboni zonse zitatu zizifanana, ndi masiku atatu okha odikira. Ndinamuyankha kuti munthu wodziwa kuchita zimenezo angathenso kupeza njira ina, pomwe lamulo lolimbalo lizigwera anthu omwe sanalakwe, mwezi ndi mwezi, makamaka nyengo ya mvula mphenzi zikamaotcha zinthu. Ndalama yomwe tingataye kwa mmodzi wochenjera ndi yochepa poyerekeza ndi mwini golosale amene watsekeredwa kaundula wa ngongole zake Loweruka la kumapeto kwa mwezi. Kaundulayo ndi wake, si wathu. Pa mfundo imeneyi sindinasunthe: ngakhale masiku 14 atatha, pulogalamu izilolabe munthu kuona ndi kutulutsa zolemba zake zonse, ingoleka kulemba zatsopano.

Tagwirizana pa masiku 10. Za mboni wavomera monyinyirika, akuti tidzaonenso pakatha miyezi itatu.

Lachisanu

Lero ndaona kuopsa kwa C++. Ndinali nditasunga matebulo a SMBIOS a makompyuta 9 a ku Limbe aja m'mafayilo, nditafufuta ma serial enieni, kuti ndiziyesera. Ndinadula fayilo imodzi pakati dala, kuti ndione zomwe zichitike. Pulogalamu yonse inazima nthawi yomweyo, zenera psiti, popanda uthenga. Mu JavaScript cholakwa chimagwidwa ndi `try`. Mu addon ukawerenga kupyola malire a memory, Electron yonse imagwa nawe limodzi. Khodi yofunafuna maziro awiri ija sinkayang'ana ngati tebulo latha.

Ndalembanso gawo lonselo. Ndisanawerenge bayiti iliyonse ndimafunsa ngati ikadali m'kati mwa malire. Kagawo konena kuti kutalika kwake n'kochepera 4 ndimakatenga ngati tebulo lawonongeka, n'kuima, apo ayi khodi ikhoza kumazungulira pamalo amodzi mpaka kalekale. Ndapatulanso ntchito yomasulira tebulo kuti isadalire Windows: imangolandira mabayiti n'kubweza zomwe yapeza. Potero ndatha kuiyesa pa Linux ndi AddressSanitizer, chida chogwira zolakwa za memory, ndikuipatsa matebulo odulidwa pa malo aliwonse ndi ena osokonezedwa mwachisawawa. Inagwiranso malo amodzi, pomwe nambala ya mawu inkaloza mawu achisanu ndi chiwiri m'kagawo ka mawu anayi. Ndakonza, ndaisiya ikuyenda mpaka batire la laputopu litatsala pang'ono, sinagwenso.

Lolemba, sabata yachitatu

Kompyuta ya kasitomala isamafune Python kapena Visual Studio, choncho ndikumangiratu ndi prebuildify, ndipo node-gyp-build imasankha fayilo yoyenera: win32-x64, win32-ia32, linux-x64, darwin-x64 ndi darwin-arm64. Zomangazo zikuchitikira pa GitHub Actions, zomwe zandipulumutsa ku kubwereka Mac kawirikawiri. Mafayilo a `.node` ndawaika mu `asarUnpack` kuti akhale panja pa thumba la asar, momwe Electron imalongedza mafayilo a pulogalamu. Fayilo imodzi yomweyo ya ia32 yayenda pa Electron 22 pa Windows 7 komanso pa mtundu watsopano, osamanganso.

Lachitatu

Ndapita ndekha ku shopu ya mayi aja. Ndinafika cha m'ma 7, anyamata akutsitsa matumba a simenti m'lole, iwo akupukuta fumbi pa kauntala. Ndinaika pulogalamu yatsopano, inatseguka osazengereza, laisensi n'kukhazikika. Kenako ndinawaonetsa uthenga womwe udzatuluke kompyuta ikadzasintha, kuti andiuze ngati ukumveka. Anauwerenga mokweza, chala chikutsata mzere, n'kuima pa mawu oti "chizindikiro cha chipangizo chasintha".

"Chipangizo chake chiti, achimwene? Muno zipangizo ndi zambiri. Ingolembani kuti kompyuta."

Ndasintha pomwepo. Tsopano ukuti: "Zikuoneka kuti kompyuta yanu yakonzedwa kapena yasinthidwa. Pitirizani kugulitsa. Tiimbireni pasanathe masiku 10." Anagwedeza mutu, n'kufunsa ngati zimenezi zikutanthauza kuti ndikuona zomwe akugulitsa. Ndinawafotokozera kuti palibe chomwe chimachoka m'kompyuta mwawo kupatula kanambala kosakanizidwa komwe amanditumizira okha, ndipo ngakhale ine sindingakabweze kuti ndidziwe serial yawo. Anati ndilembe zimenezo penapake pomwe mwana wawo angawerenge. Ndiziika pa tsamba loyamba la pulogalamu.

Zotsala sabata ino: mashopu anayi a UUID ya 03000200 ndiyenera kuwaimbira mmodzi mmodzi tisanatumize pulogalamu yatsopano, chifukwa malaisensi awo akufunika kumangidwanso pa disk ndi MachineGuid. Windows ya pa ARM sindinaimangire. Ma disk olumikizidwa kudzera pa RAID kapena pa USB ndikufuna ndiwayese ndione serial yomwe akubweza, ndipo bambo a ku Limbe ati ali ndi seva yakale yomwe ndingakayesere Loweruka, bola ndipite ndi chingwe changa cha magetsi.